Mapazi a Mng'ono Wanga

Ana a mumsewu mwathu akayamba kudumpha chingwe ine ndimatseka mawindo, kaya kutenthe bwanji. Aneba amati ndine nkhalamba yodana ndi ana. Ayi, anawo sindidana nawo. Ndimadana ndi zimene amaimbazo:

Chiphazi, Chiphazi walowa m'tauni,
phazi lafika, mwiniwake akubwera.
Nyerere thawani, achule bisalani,
Chiphazi, Chiphazi, ponda tione!

Chiphazi ameneyo ndi mng'ono wanga, bere limodzi. Amene anapeka mawuwo ndi amuna anga, wosoka nsapato. Anapekanso ndakatulo ina, yaulemu, yokongola, ya ine mkazi wawo, koma imeneyo palibe mwana amene amaidziwa. Ngakhale ine mwiniwakene mathero ake anandithawa m'mutu, ndipo munthu amene akanandikumbutsa anadzakhala pampando, pakamwa pali kumbali, osayankhula. Ndiye mundiuze ngati inuyo mukanatsegula mawindo.

Amuna angawo ankagwira ntchito pakhonde la sitolo ya nsalu, pakati pa wokonza mawotchi ndi mayi wina wogulitsa mabatani. Katundu wawo yense anali benchi, chitsulo chokhomerapo, nyundo, chitini cha guluu, singano yokhota, ndi mulu wa nsapato za eni ake zonunkha ngati munafera khoswe. Misomali ankaisunga pakamwa. Anthu ankangowatcha Amisiri, ndipo ena ankabwera ngakhale nsapato zawo zili bwinobwino, chifukwa bamboyo akalavula misomali ija pakamwa pankatuluka zinthu. Wapolisi adutse, amupekera mawu. Mvula iwanyowetsere chikopa, aitukwana mondakatula mpaka wokonza mawotchi kugwetsa kagalasi kake ndi phwete. Kulemba ankadziwa, koma ankakana kwamtuwagalu. Ankati pepala ndi chakudya cha chiswe, mawu abwino amasungidwa m'mutu mwa munthu.

Ine nthawi imeneyo, musandione makwinyawa, ndinali chiphadzuwa. Sindikudzitama, umboni unalipo. Wojambula zithunzi wa tsidya la msewu anaika chithunzi changa pawindo lake, chachikulu ndithu, ndipo anyamata basi inkawasiya akuchiyang'ana. Mng'ono wangayo nkhope anali nayo yake, yosalakwika, koma Mulungu pomuumba dothi lotsala lonse analithira kumapazi. M'masitolo monse munalibe nsapato ya akazi yomukwana, moti kusukulu ankavala za amalume. Atakula amayi anamutuma kwa Amisiri kuti akamusokere yakeyake, ine n'kumuperekeza, ndipo ndi mmene ndinadziwirana nawo bamboyo.

Anamuuza kuti aponde pakatoni kuti ajambule phazi ndi pensulo. Katoni inachepa. Amisiri anaseka mpaka misomali yonse inagwa, ndipo pompo, asanapukute n'komwe misozi, anatulutsa za nyerere ndi achulezo. Ana a sukulu amene ankadikira basi anazitola nthawi yomweyo. Mng'ono wanga analira njira yonse. Ine ndinamukalipira kuti asiye kundichititsa manyazi, pofika Lamlungu anthu akhala ataiwala. Nsapatoyo anamusokera ndithu, ngakhale inatenga nthawi ngati akumanga nyumba.

Ndakatulo yangayo anandiuza Loweruka lina masana, kuseri kwa sitolo ija, manja atawabisa kumbuyo chifukwa anali bii ndi polishi. Munthu wa nthabwala uja tsiku limenelo sanaseke n'kamodzi komwe. Anati:

Nthawi ndi msewu wa miyala,
imadya chidendene cha bwana ndi cha wopemphetsa.
Dzimbiri limatha msomali, chiswe chimatha chitseko,
dzina la pamwala mvula imalifufuta.
Koma iwe ndakusokera m'mawu ndi ulusi wa phula,
mmene madzi salowa, mmene nyundo sifika.
Makoma adzagwa, milatho idzakokoloka,

Kenako panali mizere ina iwiri yomaliza. Imeneyo ndiye inandiliritsa. Panali kalaliki wa kubanki amene ankandifuna, wa tayi ndi njinga yamoto, koma ine ndinalola wosoka nsapato pomwepo, kuseri kwa sitolo, pafupi ndi mabini. Amayi anandifunsa ngati ndakatulo amaphika. Ndinawayankha kuti kalaliki akhoza kundigulira bedi, koma kusafa sangandigulire.

Ndinawauza amuna anga kuti imeneyi ndi yanga, ndikadzangoimva pakamwa pa munthu wina ndidzalongedza. Tsiku la ukwati anzawo anawachonderera kuti anene ya mkwatibwi, ine ndinawaponda pansi pa tebulo mpaka anati aiwala. Mpaka lero sindiona cholakwika. Kodi inu diresi yanu ya ukwati mumabwereketsa msewu wonse? Ankandinenera ine ndekha, m'chipinda, nthawi zina ndikamawameta tsitsi, nthawi zina tikayambana iwo n'kumafuna kuti ndiwapatse chakudya.

Koma ya mapazi ija, abale inu! Lamlungu linafika n'kupita, anthu osaiwala. Inachoka pa siteji ya basi n'kulowa m'masukulu, inachoka m'masukulu n'kukwera malole. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, koma mng'ono wangayo sanavutike n'kuidziwa komwe, anachita kumupekera. Kulira anasiya. Atatsegula kagolosale kake pamphambano anaitana wolemba zikwangwani kuti ajambule phazi lalikulu pakhoma, la zala zake zonse, lopaka utoto wofiira kuzikhadabo. Ana akamamuimbira iye ankatuluka, n'kuponda pansi kuti di! iwo n'kubalalika akukuwa, mawa lake n'kubwera ndi makolo awo kudzagula sopo. Makondakitala anayamba kufuula kuti, "Otsika pa Chiphazi!" Mpaka pano malowo dzina lake ndi lomwelo.

Nanga ine? Chithunzi changa dzuwa linachidya pang'onopang'ono. Chinayamba chikasu, kenako nkhope inayera mbee, kunangotsala tsitsi ndi ndolo. Wojambulayo atamwalira ana ake anachichotsa, pano amagulitsapo mafoni. Tsiku lina ndili pamzere kuchipatala mayi wina anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Ndakudziwani! Si inu achemwali ake a Chiphazi?" Ine! Ine amene magalimoto ankachepetsa liwiro ndikamawoloka msewu, lero ndizidziwika ndi mapazi a mwana amene ndinkamupukuta mamina? Ndinachoka pamzerepo mankhwala osalandira.

Choopsa chinachitika nditapita kutali, kumene mwana wanga wamkazi ankagwira ntchito, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Ndangotsika, ndikumva tiatsikana tikudumpha chingwe kuseri kwa depoti, mawu omwewo, osaphonya ndi limodzi lomwe. Ndinafunsa kamodzi kuti kodi Chiphaziyo ndani. Kanati ndi chimunthu cha makedzana, chinkameza ana. Nditakauza kuti ndi mng'ono wanga ndipo amagulitsa machesi ndi mafuta ophikira, kanandiseka ngati ndapenga.

Nsanje ndinali nayo, sindibisa, ndipo ndikadali nayo. Nditabwerera ndinawapeza amuna anga akumata soli ya nsapato, ndinawaimirira pamaso makasitomala ali pomwepo.

"Inu munandilonjeza ine kusafa, n'kukapatsa mlamu wanu!"

Anachotsa misomali pakamwa mosapupuluma. "Mayi, yanuyo munaitsekera m'kabati. Ya mlamuyi inatuluka yopanda nsapato, ndiye yayenda."

Wokonza mawotchi anaseka. Sabata imeneyo amuna angawo anadzichapira okha malaya. Kugolosale kwa mng'ono wanga ndinasiya kugulako, ndinkalolera kuyenda mtunda kukagula mchere kwa anthu osawadziwa. Tikakumana patchalitchi iye ankabwera ndi chimwemwe chake chonse, "Achemwali, mwasowatu!" ine n'kungoti tilipo, maso ali kwina. Sanatope nane. Ana anga akadwala ankafika woyamba, ndipo ndinkamumva akadali kugeti, chifukwa kuyenda kwake sikubisika. Zimenezo zinkandiwonjezera mkwiyo. Munthu ukamuchitira nsanje umafuna akhaleko woipa mtima pang'ono kuti upezepo pogwira.

Zaka zinapita. Sitolo ya nsalu inasanduka ya matayala, mayi wa mabatani anamwalira, anthu anayamba kugula nsapato zapulasitiki zongotaya zikang'ambika. Amuna anga tsitsi linatha, kumeta kunatha, kuyambana nakonso kunachepa, ndiye ndakatulo yanga inkamveka mwa apo ndi apo. Ine sindinkadandaula. Ndinkati ili m'mutu, ipita kuti?

M'mawa wina ndikusita, ndinayamba kuinena chamumtima monga ndinkachitira. Ndinadutsa pa msewu wa miyala, pa dzimbiri, pa ulusi wa phula, ndinafika pa milatho. Zii. Ndinabwerera poyambira, ndinafikanso pa milatho. Zii. Ndinazindikira ndi fungo kuti malaya apsa. Ndinasiya kusita n'kukhala pabedi, chifukwa mizere imene inasowayo ndi yomwe ndinakwatiwira.

Mukuti bwanji sindinawafunse? Mumawadziwa inu bamboyo? Akanaseka mpaka kutsamwa. Akanati chuma chimene unkakaniza anthu wataya wekha. Ndinati ndiwatchere msampha, ndiyambitse kamkangano kenakake kuti adzandipepese ndi ndakatulo monga kale, ine n'kutolapo mwakachetechete. Ndikuganizira za kamkanganoko, kunabwera wogulitsa matayala akuthamanga, kudzandiuza kuti Amisiri agwa pabenchi, nyundo ili m'manja.

Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anatuluka amoyo, koma dzanja lamanja linafa, mwendo ankachita kukoka, ndipo mawu onse anatsekeka. Munthu amene ankatha kutukwana mvula mondakatula ankalephera kunena kuti madzi. Ankangoti, "A, a, a," n'kumenya mpando ndi dzanja lamanzere, misozi ili mbwembwembwe. Mwana wathu wamkazi uja anabwera kudzandithandiza, tinawaika pabalaza pafupi ndi windo.

Manyazi ndinawataya tsopano. Ndikawadyetsa n'kuwapukuta, ndinkakoka kampando n'kukhala patsogolo pawo, n'kuyamba ndakatulo yanga pang'onopang'ono ngati ndikuphunzitsa mwana. Ndikafika pa milatho ndinkaima, n'kuwayang'ana pakamwa. Milomo inkagwedera, maso ankandidziwa, koma kunkangotuluka malovu. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, tsiku lina ndinawagwedeza mapewa mpaka mwana anandigwira.

"Amayi, muwapweteka! Bwanji osangopeka yanu mizere iwiriyo? Adziwa ndani?"

"Ndidziwa ine," ndinatero. "Iwe ukataya ndolo yagolide umapachika waya kukhutu?"

Mng'ono wanga kuchipatala ankabwera, koma ndinkaonetsetsa kuti awapeze ali mtulo. Kunyumba ndinamuuza kuti adokotala aletsa alendo. Anapirira kwa kanthawi, kenako masana ena anangotulukira, atanyamula jumbo ya malalanje. Nayenso wakalamba, mawondo amamuvuta, koma kuponda sanasinthe. Ndinamva di, di, di pakhonde, ndipo amuna anga anadzutsa mutu. Chitseko chitatseguka nkhope yawo yopotokayo inawala, pakamwa panatseguka, ndipo ndinamva mawu amene ndinali nditawalira masiku onsewo, okoka, olemera, koma omveka bwinobwino:

"Chi-phazi, Chi-phazi wa-lowa m'tauni..."

Anainena yonse mpaka pa ponda tione. Mng'ono wanga anagwetsa malalanje, anaponda pansi kuti di! akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Alamu! Alamu mwayankhula!" Mwana wanga ankadumphadumpha ngati wachita mwayi wa mpikisano, akufotokoza kuti anesi ananena kuti zoimbaimba ndi zimene zimayamba kubwerera, si kuti asankha. Asankha, asasankhe, ine zinandikhudza chiyani? Ndinawasambitsa, ndinawatembenuza, ndinawatawasa ngati khanda, ndipo mawu awo oyamba anapita kumapazi a mlamu wawo. Ndinalowa kukhitchini n'kuyamba kutsuka mbale zotsukatsuka kale, ndikuziwombanitsa dala.

Posakhalitsa ndinamva mapazi aja akunditsatira. Anaima kumbuyo kwanga. Ine ndinangoyang'ana musinki.

"Achemwali, simukukondwa? Alamu ayankhula."

"Ayankhula ndi iwe. Tenga, ndi ako. Dzina unatenga, mphambano unatenga, ana a dziko lonse unatenga, tenganso ndi mpando womwewo uwayike m'golosale."

"Inu mukuchitira nsanje nyimbo yondinyoza?"

"Eya! Ndikuchitira nsanje! Iwe udzafa anthu akukuimbabe. Ine ndakatulo yanga ikufa ndili moyo, ndatsala nayo yoduka mchira, ndipo mwiniwake akukumbuka achule."

Mng'ono wanga anasendera pafupi. Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Mwaiwala pati?"

"Zikukukhudza chiyani? Suidziwa. Palibe amaidziwa."

"Makoma adzagwa, milatho idzakokoloka," anatero mng'ono wanga, ndipo mbale inandipulumuka m'manja. Anapitiriza, mosathamanga, ngati munthu amene akunena pemphero limene amanena tsiku ndi tsiku:

koma alipo wina adzakutchulabe m'mawa uliwonse,
ngakhale iwe sucheuka kuti umuone.

Inali yomweyo. Koma chimwemwe sichinakhalitse, ukali unabwera pamwamba pake.

"Anakuuza liti? Anandilumbirira kuti sadzauza munthu!"

"Sanaphwanye lumbiro, achemwali. Ndinaimva inu musanaimve. Mukuganiza kuti nsapato yanga ija inachedwa chifukwa cha kukula kwa phazi? Ndinkapita kukayesa, iwo n'kundikhazika pabenchi, n'kumayesera pa ine mzere uliwonse. Ati kodi achemwali ako akonda pamenepa? Ati dzimbiri kapena ndere? Ine ndili phee, phazi lili pakatoni, ndikumva mmene munthu amamuuzira mkazi wokongola."

"Ndiye unaba."

"Sindinabe. Atafika pa milatho anakanika. Masiku angapo akungobwereza milatho, milatho, kutsogolo osapita. Ankafuna kuikapo za nyenyezi, zosamveka n'komwe. Ndiye ndinawauza kuti, Amisiri, bwanji mutati chonchi. Anasiya nyundo n'kundiyang'ana, anati bwereza. Ndinabwereza. Anati usadzauze achemwali ako, ndipo sindinakuuzeni."

"Ukunama."

"Afunseni, mutu amagwedeza."

Sindinapite kukawafunsa. Ndinkadziwa kuti sakunama, chifukwa mng'ono wanga bodza limamukanika kuyambira ali mwana.

"Iwe unali mwana wosadziwa kanthu," ndinatero. "Mawu amenewo ukanawatenga kuti? Unkaganiza za mwamuna uti?"

"Mwamuna?" Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Inu simukumbuka mmene tinkapitira kusukulu? Munkati ndiziyenda kumbuyo, patali, kuti anthu asaone nsapato za amalume pafupi ndi inu. Ine ndinkakuitanani njira yonse, achemwali, achemwali, ndidikireni. Mizere ija sindinaivutikire ayi."

Pabalaza amuna anga anali atayambiranso ya achule, mwana akuwawombera m'manja. Madzi ankangotayika pampopi. Ndinkafuna kumutukwana, ndinkafuna kumufunsa kuti wandibwezera chinthu changa kapena wandilanda ndi chotsala chomwe. Mwamuna ndinamulola chifukwa cha mizere iwiri, kalaliki ndinamukana chifukwa cha mizere iwiri, ndipo zaka zonsezi ndinkabisa mizere imeneyo kuti mwiniwake asaimve. Nsanje imene ndinamva pamenepo inaposa ya nyimbo, inaposa ya mphambano. Ngakhale kukonda kumene, iye ankadziwa kuposa ine.

"Ndikupita, golosale ndangokhoma," anatero. "Mukaiwalanso mudzanditume mwana. Ine siingandichoke."

Anadikira pang'ono. Ine ndinatola mbale ija n'kuyamba kuitsukanso. Ndinamumva akutsanzika alamu ake, ndinamva chitseko, ndinamva di, di, di pakhonde, kenako pamiyala ya kugeti, kukucheperachepera. Ndinatseka mpopi, ndinapukuta manja pa epuloni, ndinatuluka mpaka kumsewu sopo akadali m'zigongono. Pamene ndinkati ndimuitane n'kuti atakhota kale pakona.